Choziziritsa cha Madzi pa Kompyuta ya ku Mafinga: Yezani Kaye Musanagule

Aliyense amene anayendapo pamsewu wochoka ku Karonga kupita ku Chitipa amalidziwa fungo la injini yotentha. Msewuwu umayambira m'chigwa cha nyanja, pamalo osafika mamita 500 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, n'kukwera mokhotakhota mpaka pa boma la Chitipa, pafupifupi mamita 1,300. Pa zitunda zina mumapeza lole itaima, boneti ili yasa, wothandiza dalaivala akuthamanga ndi chigubu kukasaka madzi a mu radiyeta. Pomwepo njinga yamoto ya kabaza imangodutsa, ilibe dontho la madzi m'thupi mwake, ikudalira zipsepse za injini ndi mphepo basi.

Njira ziwiri zomwezi ndi zimene zimaziziritsa purosesa ya kompyuta. Ndalemba nkhaniyi poganizira mnyamata kapena mtsikana wa m'dera la Chisenga, m'munsi mwa mapiri a Mafinga, amene wasonkhanitsa ndalama za kompyuta yokonzera mavidiyo a maukwati kapena yojambulira nyimbo za makwaya, ndipo waona pa Facebook kachida kowala kokhala ndi mapaipi awiri kotchedwa AIO. Kachidako ndi kabwino ndithu. Koma ndi kabwino pa ntchito yake ndi pamalo ake, ndipo munthu wokhala kutali ndi sitolo ya zida za kompyuta ayenera kufunsa mafunso amene wa ku Johannesburg safunsa.

M'kati mwake muli chiyani

AIO ndi choziziritsa cha madzi chimene chimabwera chomata kale kuchokera kufakitale. Simuthiramo kanthu, simulumikiza mapaipi nokha. Chili ndi zigawo zinayi. Pali kachitsulo ka mkuwa kamene kamakhala pamwamba pa purosesa, ndipo kuseri kwake anakalemba timizere tating'onoting'ono todutsamo madzi. Pamwamba pa kachitsuloko pamakhala pampu. Kuchoka pamenepo mapaipi awiri amapita ku radiyeta, imene nthawi zambiri ndi ya aluminiyamu, ndipo pa radiyetapo pamamangidwa fani imodzi, ziwiri kapena zitatu.

Madzi a m'katimo ndi ochepa, sangadzaze ndi botolo la fanta lomwe. Ndi madzi osakaniza ndi glycol komanso mankhwala oletsa dzimbiri ndi ndere. Mankhwalawa ndi ofunika chifukwa mkuwa ndi aluminiyamu zikakhala m'madzi amodzi, aluminiyamu amadyeka pang'onopang'ono. N'chifukwa chake munthu asayerekeze kutsegula AIO n'kuthiramo madzi a pamjigo, ngakhale akuoneka oyera bwanji.

Kampani ya ku Denmark yotchedwa Asetek ndi imene inatchukitsa kamangidwe koika pampu pamodzi ndi kachitsulo ka mkuwa kaja, ndipo kwa zaka zambiri makampani odziwika ankagula zida zake n'kumatapo mayina awo. Corsair H50 ya mu 2009, yomwe inazolowetsa anthu wamba zoziziritsa zamtunduwu, inali ya fani imodzi ya mamilimita 120. Kunena kwina, AIO yaing'ono ndi imene inali yoyamba. Zikuluzikuluzi zinabwera mapurosesa atayamba kudya magetsi ambiri.

Madzi sapha kutentha, amangokusamutsa

Apa m'pamene ambiri amasokonezeka. Mawu akuti madzi amatipatsa chithunzi cha kuzizira, ngati mtsinje wotsika kuphiri m'mwezi wa Julayi. Koma ntchito ya madzi mu AIO ndi yamtengatenga. Amanyamula kutentha pa purosesa n'kukakutula ku radiyeta, ndipo kumeneko ndi mpweya wa m'chipinda umene umakuchotsa. Amene anaonapo kachasu akutchezedwa amadziwa kuti paipi imadutsa m'madzi ozizira, ndipo madziwo akafunda amawataya n'kuthiramo ena, apo ayi nthunzi siisanduka madontho. Mu AIO mulibe wotaya madzi. Radiyeta ikakhala yaing'ono, madzi amabwerera ku purosesa ali ofunda kale.

Madzi amasunga kutentha kochuluka: kilogalamu imodzi ya madzi imafuna mphamvu yoposa kanayi poyerekeza ndi kilogalamu imodzi ya mpweya kuti ikwere ndi digiri imodzi. Zimenezi zimabweretsa chinyengo china chake. Mukangoyatsa kompyuta n'kuipatsa ntchito yolemera, mphindi zisanu zoyambirira manambala amaoneka okongola chifukwa madzi akumeza kutentha. Pakatha theka la ola madzi akhuta, ndipo m'pamene mumaona mphamvu yeniyeni ya radiyeta. Munthu wosewera gemu kwa kanthawi mwina sangazindikire. Wokonza vidiyo ya ukwati ya maola atatu amazindikira.

Ndiponso choziziritsa cha mpweya, chokhala ngati nsanja ya zipsepse, nachonso chili ndi timapaipi ta mkuwa tokhala ndi timadzi pang'ono m'kati. Timadzito timasanduka nthunzi kumunsi kotentha, timakazizira kumtunda, n'kubwerera tokha popanda pampu. Choncho kusiyana kwenikweni si madzi ayi. Kusiyana ndi kwakuti AIO imakulolani kuika zipsepse kutali ndi purosesa, pakhoma la bokosi, ndipo mtengo wa ufulu umenewo ndi pampu yomwe tsiku lina idzatopa.

Purosesa yanu imatulutsa moto wochuluka bwanji

Magetsi onse amene purosesa imadya amathera kukhala kutentha. Ndiye funso loyamba si la choziziritsa, koma la purosesa. AMD Ryzen 5 5600 ndi ya mawati 65, ndipo ikalimbikira imapyola pang'ono pokha. Intel Core i5-12400 inalembedwa mawati 65, koma imaloledwa kufika 117 ikapanikizika. Intel Core i9-13900K imafika mawati 253, pamene Ryzen 9 7950X imafika 230. Onani kutalikirana kwake: ina ikufanana ndi babu limodzi lakale lija la mawati 60 kapena 100, inayo ikufanana ndi mababu anayi a mawati 60 atapanikizidwa pa kamalo kochepa kuposa bokosi la machesi.

Purosesa yamakono siipsa wamba. Za Intel zambiri zikafika madigiri 100, ndipo za AMD za gulu la Ryzen 7000 zikafika 95, zimadzichepetsera liwiro zokha. Chimene mumataya ndi nthawi. Vidiyo imene ikanatha musanagone imafika mbandakucha, ndipo ngati magetsi a ESCOM athima pakati pa usiku kapena batire la sola latha, ntchito yonse mumayambiranso.

Muyezo wa 120 ndi wa 240

Manambala a pa AIO amatchula kutalika kwa mafani ake. Ya 120 ili ndi fani imodzi ya mamilimita 120, ya 240 ili ndi ziwiri, ya 360 zitatu. Ya 140 ndi ya 280 zimagwiritsa ntchito mafani okulirapo a mamilimita 140. Anthu akamanena AIO yaing'ono amatanthauza ya 120, 140, nthawi zina 240.

Maganizo anga pa ya 120 ndi osabisa: musaigule chifukwa chofuna kuzizira kwambiri. Zipsepse zake ndi zochepa poyerekeza ndi za choziziritsa cha mpweya cha nsanja ziwiri monga Thermalright Peerless Assassin 120 kapena Noctua NH-D15, ndipo pa ntchito yaitali nsanjazo zimaigonjetsa, yoyambayo pamtengo wotsikanso. Pa purosesa ya mawati 65, ngakhale nsanja imodzi monga DeepCool AK400 kapena Cooler Master Hyper 212 imakwana bwino lomwe. Ya 120 ili ndi chifukwa chimodzi chomveka: bokosi lanu ndi lopyapyala moti nsanja ya mamilimita 155 kapena 165 singalowe, koma lili ndi malo a fani imodzi kumbuyo kapena m'mbali. Chifukwa china chaching'ono ndi cha anthu oyenda nayo kompyuta. Nsanja yolemera kilogalamu yathunthu imakoka motherboard pa bampu iliyonse, ndipo amene amamanga kompyuta kumbuyo kwa njinga yamoto kupita nayo kumaukwati pamisewu yafumbi ya kumapiri kuno ayenera kuganizirapo. Kulemera kwa AIO kumakhala pa bokosi, osati pa motherboard.

Ya 240 ndi nkhani ina. Zipsepse zake ndi zowirikiza kawiri, mafani amazungulira mofatsa, phokoso limachepa, ndipo kwa wojambula mawu a kwaya m'chipinda chomwecho muli kompyuta, kuchepa kwa phokosoko ndi chuma. Purosesa za mawati oposa 200 zimafuna 280 kapena 360 kuti zigwire ntchito ndi mphamvu zonse, ndipo pamenepo sitikunenanso za chida chaching'ono.

Pali njira ina imene ogulitsa satchula chifukwa ilibe mtengo. Mu BIOS mukhoza kuiikira purosesa malire a magetsi: pa AMD amati Eco Mode, pa Intel ndi malire otchedwa PL1 ndi PL2. Mapurosesa akuluakulu amadya magetsi ochuluka kwambiri kuti apeze kaliwiro kochepa komaliza, ndiye mukawadulira mawati, kutentha kumatsika kwambiri pamene liwiro latsika pang'ono. Kwa wodalira sola ndi invata, njira imeneyi imapulumutsa batire ndi choziziritsa nthawi imodzi.

Mpweya wa kumapiri ndi fumbi la chilimwe

Mapiri a Mafinga ali m'malire a Malawi ndi Zambia, nsonga zake zimapyola mamita 2,300, ndipo kutsidya kwake ndi kumene kumayambira mtsinje wa Luangwa. Kukhala pamalo okwera kumathandiza mbali imodzi n'kulanda mbali ina. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 alionse amene mwakwera, choncho kompyuta ya ku Chisenga imayamba ntchito ili pabwino kuposa ya ku Karonga kapena ku Nsanje. Koma mpweya wa kumtunda ndi wopepuka. Pa mamita 1,300 umachepa ndi magawo pafupifupi 12 pa 100 alionse poyerekeza ndi wa kugombe la nyanja yamchere, ndipo pa mamita 2,000 ndi magawo pafupifupi 18. Fani ikazungulira pa liwiro lomwelo imakankha mpweya wochepa kulemera, ndipo umanyamula kutentha kochepa. Zimenezi zimakhudza AIO ndi nsanja mofanana, chifukwa zonse zimatulira katundu wawo mumpweya. Tanthauzo lake ndi lakuti manambala a m'mavidiyo oyesa zida, amene ambiri amajambulidwa m'zipinda zozizira za madigiri 21 kapena 22, musawatenge ngati anu. Siyani mpata. Chipinda cha malata chopanda siling'i masana a Okutobala chimaiwalitsa kuti muli kumapiri.

Kuzizira kwa Juni ndi Julayi kusakudetseni nkhawa. Glycol uja amateteza madzi, ndipo m'nyumba simufika pozizira moumitsa.

Mdani weniweni ndi fumbi. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, fumbi la mumsewu, phulusa la moto wolusa m'tchire ndi gaga wa kuchigayo zimalowa paliponse. Zipsepse za radiyeta ndi zothinana kuposa za nsanja, ndipo fumbi limayala ngati bulangete pakati pa fani ndi radiyeta, pamalo amene simungawaone osamasula masikuluu. Posankha, funsani ngati bokosi lanu lili ndi sefa yochotseka kumbali yolowera mpweya. Radiyeta ya zipsepse zotalikirana pang'ono ndi yosavuta kupukuta. Ndipo kompyuta isakhale pansi pasimenti. Kungoikweza patebulo kumachepetsa fumbi kwambiri. Kamodzi pamwezi m'chilimwe, zimitsani, zulani pulagi, gwirani fani ndi chala kuti isazungulire, n'kupemerera ndi pampu ya njinga kapena kupukuta ndi kaburashi kofewa.

Tepi m'manja

Zida zambiri zimene zimagona m'makabati zosagwiritsidwa ntchito zinagulidwa ndi maso osati ndi tepi. Radiyeta ya 240 ndi yotalika kuposa mamilimita 240, chifukwa kumapeto kwake kuli timathanki. Yembekezerani mamilimita 275 kapena kuposerapo. Kuchindikala kwake nthawi zambiri ndi mamilimita 27 mpaka 30, ndipo fani imawonjezerapo mamilimita ena 25. Za Arctic Liquid Freezer ndi zochindikala mamilimita 38, zimaziziritsa bwino, koma m'mabokosi ambiri zikamangidwa pamwamba zimagunda RAM. Zikamangidwa kutsogolo zimadya malo a khadi la zithunzi. Yezani malo onse atatu, ndipo yezaninso ngati mapaipi afika osakokeka.

Kenako soketi. Intel inabweretsa LGA1700 mu 2021, ndipo mabowo ake ndi osiyana ndi a LGA1200 ndi LGA115x zakale. LGA1851 ya mu 2024 inasunga mabowo a LGA1700. AMD inabweretsa AM5 mu 2022, ndipo zoziziritsa zambiri za AM4 zimakwanako, kupatula zimene zimafuna kuchotsa chitsulo cha kuseri kwa motherboard. AIO imene yakhalitsa pashelefu ikhoza kukhala yatsopano m'katoni koma yopanda zomangira za soketi yanu. Kazitsulo kamodzi kosowa kakhoza kuimitsa ntchito kwa milungu.

Chenjezo lapadera likupita kwa amene akufuna kukongoletsa kompyuta za muofesi zogwiritsidwapo kale ntchito, za Dell OptiPlex kapena HP, zimene zadzaza m'misika yathu. Zambiri zili ndi zomangira zakezake, malo olumikizira fani akeake, ndipo zilibe pomangira radiyeta. Makina amenewo apukuteni fumbi, sinthani thermal paste, asiyeni ndi choziziritsa chawo.

Pampu isakhale pamwamba pa zonse

Mu AIO iliyonse muli kampweya pang'ono, ndipo kamachuluka ndi zaka chifukwa madzi amatuluka pang'onopang'ono ngati nthunzi kudzera m'khungu la mapaipi, ngakhale palibe podontha. Mpweya umakwera n'kukakhala pamalo apamwamba kwambiri. Malo amenewo akakhala pampu, imalira ngati munthu wochukucha m'kamwa, madzi sayenda bwino, ndipo pampuyo imatha msanga chifukwa madzi omwewo ndi amene amaifewetsa.

Radiyeta yomangidwa padenga la bokosi ndi yabwino kuposa zonse pa nkhani imeneyi. Ikakhala kutsogolo, nsonga yake ikhale pamwamba kuposa pampu, ndipo ngati mapaipi akufika, atulukire kumunsi. Choipa kwambiri ndi radiyeta yogonekedwa pansi pa bokosi. M'mabokosi ang'onoang'ono a Mini-ITX nthawi zina malo okhawo otsala amakhala amenewo, ndipo zikatero bokosi limenelo si la AIO.

Chingwe cha pampu chipite pamalo olembedwa AIO_PUMP ngati alipo, cha mafani pa CPU_FAN. Musanamange, onani pansi pa mkuwa: pamakhala kapulasitiki koonekera koyenera kuchotsa, ndipo amisiri odziwa ntchito omwe amakaiwala.

Tsiku limene pampu idzaima

Ili ndi funso limene ndikufuna wowerenga wa ku Mafinga aliike patsogolo pa mafunso onse. Choziziritsa cha mpweya chili ndi chinthu chimodzi chokha choyenda, fani. Ikafa mumaiona ndi maso, nsanja imapitiriza kumwaza kutentha pang'ono, ndipo fani ina iliyonse ya 120 yochotsedwa pabokosi mukhoza kuimangirira ngakhale ndi waya n'kumaliza ntchito ya kasitomala. Pampu ikafa palibe chooneka. Mafani amazungulira, magetsi okongoletsa amayaka, koma purosesa imathamangira ku madigiri 100 m'kanthawi kochepa ndipo kompyuta imadzizimitsa. Pampu ya AIO siikonzedwa. Mumagula chida chonse.

Makampani abwino amapereka waranti ya zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, ndipo kutalika kwa waranti ndi chizindikiro chabwino cha mmene iwowo amachikhulupirira chida chawo. Koma waranti imagwira ntchito kudzera kwa amene anakugulitsani. Chida chikabwera ndi wachibale kuchokera ku Joni, kapena chikagulidwa ku Dar es Salaam n'kudzera ku Mbeya kapena ku Tunduma, kuchibweza ndi ulendo wodula kuposa chidacho. Ngakhale chogulidwa ku Lilongwe kapena ku Mzuzu chimafuna masiku pamsewu, kupita ndi kubwera, ndipo pampu ikaima m'nyengo ya maukwati itangotha kukolola, masiku amenewo ndi ndalama zotayika ndi mbiri yoonongeka.

Choncho amene wasankha AIO asataye kachoziziritsa kamene kanabwera ndi purosesa. Akasunge m'katoni pamodzi ndi zomangira zake ndi kachubu ka thermal paste. Purosesa ikakhala ya mtundu wobwera wopanda choziziritsa, monga za Intel zothera ndi K, kansanja kotsika mtengo kosungira pangozi kawerengedwe m'bajeti kuyambira tsiku loyamba.

AIO yogwiritsidwapo kale ntchito ndimaikana kotheratu. Simungadziwe madzi atsala ochuluka bwanji, kapena ngati timizere ta mkuwa tija tatsekeka ndi zinyalala. Nsanja yakale mukhoza kuigula mutaiyang'ana bwino, chifukwa chilichonse cholakwika chimaonekera kunja. Kudontha kumachitika mwa apo ndi apo pa zida za makampani odalirika, koma pa zida zopanda dzina lodziwika, zotchipa modabwitsa, ndalama imene mwapulumutsa mukuibetcha pa motherboard ndi khadi la zithunzi zomwe zili pansi pa mapaipiwo.

Katoni ikafika

Katoni imene yayenda pa basi ndi pa njinga yamoto yagundidwa kangapo. Musanamange, yang'anani polumikizira mapaipi ngati pali chinyezi kapena timadontho touma, ndipo muone ngati zipsepse sizinaphwanyike kwambiri. Zopindika pang'ono sizivuta. Gwedezani radiyeta pafupi ndi khutu. Kaphokoso kochepa ka madzi ndi kabwinobwino, koma ikamakhuchumuka ngati chigubu chosadzaza, madzi ndi operewera ndipo muibweze isanakhudze purosesa.

Mukamanga, lowani mu BIOS muone ngati pampu ikuonetsa liwiro lake. Zambiri zimazungulira maulendo zikwi ziwiri kapena zitatu pa mphindi. Ikani chala pa paipi, mumva kunjenjemera kofewa. Ndiye tsegulani pulogalamu yaulere ya HWiNFO, ipatseni kompyuta vidiyo yeniyeni yoti ikonze, ndipo muisiye mphindi 30 kapena kuposa, masana, zenera lili mmene limakhalira masiku onse. Lembani manambala atatu papepala: kutentha kwa m'chipinda, kutentha kwa purosesa, ndi liwiro la pampu. Pepalalo limateni m'kati mwa chitseko cha bokosi. Pakatha miyezi itatu bwerezani ntchito yomweyo. Purosesa ikakwera ndi madigiri khumi chipinda chili chimodzimodzi, yambani ndi fumbi la pa radiyeta. Mukapukuta koma osasintha, ndipo paipi imodzi ikutentha kwambiri inzake ili zii, madzi sakuyenda, tulutsani kachoziziritsa kaja m'katoni ndipo itanitsani china mudakali ndi chogwirira ntchito.